Phulusa la Galimoto ya Tolland

Moto unabuka Lamulungu m'mawa, anthu a ku Thornwick ali kutchalitchi. Pomwe ozimitsa moto ankafika, denga la galaja ya Rufus Tolland linali litagwa kale. Pansi pake panatsala zitsulo zopindika za galimoto yampikisano imene Rufus anapanga ndi manja ake.

Galimotoyo inamudyera unyamata wonse. Anaipangira mipikisano yothamanga usana ndi usiku osapuma. Zaka zoyamba inkangofera panjira, pena injini, pena mabuleki. Atasintha injini n'kuichotsa zitsulo zolemera, inayamba kubweretsa zikho. Kenaka inagubuduka pampikisano wina ku France mvula ikugwa, n'kupha mwana wake, Callum. Rufus anaiwongola pang'onopang'ono mpaka inadzuka. Tsopano kunatsala mwezi umodzi kuti mwana wake wamkazi, Imogen, akaiyendetse pamsewu womwewo.

Wapolisi wofufuza, Mayi Okell, anazungulira phulusalo.

"Wina wathira petulo," anatero. "Loko sanathyole. Makiyi amasunga ndani?"

"Ine ndi Imogen. Ena amakhala kukhitchini."

"Adani muli nawo?"

"Pampikisano aliyense ndi mdani, mayi. Koma wotentha galimoto, ayi."

"Chilipo chasowa?"

Rufus anayang'ana khoma limene linatsala chiimire. Pamsomali panalibe kanthu, pansi pakenso panalibe.

"Chipewa chodzitetezera cha malemu mwana wanga. Chikanapsa, zotsala zake tikanaziona."

"Ndiye kuti wotenthayo anayamba wachipulumutsa," anatero Mayi Okell.

Rufus anakumbukira makiyi a kukhitchini aja. Anadutsa pabwalo n'kulowa m'nyumba.

Mkazi wake, Moira, anali pampando kukhitchini, atavala zakutchalitchi koma osapitako. Dzanja lamanja anali atalikulunga ndi nsalu yonyowa. Chipewacho chinali pamiyendo pake.

"Moira, dzanjalo watani?"

"Usafunse zomwe ukudziwa, Rufus."

"Moyo wanga wonse unali m'galajamo."

"Wanga uli kumanda," anatero mkaziyo motsitsa mawu. "Ndinakupempha, mpaka ndinakugwadira. Iwe unati chiyani? Unati mabuleki wakonza. Chitsulo chakocho chinandidyera mwana mmodzi. Umati ndikhale pano, ndidikire andibweretsere winanso m'bokosi?"

Rufus atacheuka anaona Mayi Okell ataima pakhomo. Anali atamva zonse.

"Galimoto ndi yanga, mayi," anatero Rufus. "Sindikusuma. Musiyeni."

"Wozimitsa moto mmodzi ali kuchipatala, bambo. Khoma lamugwera pamsana. Mlanduwu suli m'manja mwanu."

Moira atamva zimenezo anatsinzina. Anaika chipewa patebulo n'kuimirira yekha. Unyolo sanammange chifukwa cha dzanjalo.

Akutuluka anakumana ndi Imogen, amene ankachokera kumudzi wapafupi atamva za moto. Mtsikanayo anayang'ana utsi, anayang'ana wapolisi, kenaka nsalu ya padzanja la mayi ake.

"Amayi, ndinu?"

"Ndine."

"Sindidzakukhululukirani."

Moira anamgwira tsaya ndi dzanja labwinolo.

"Undide, mwanangu. Undide mpaka udzamere imvi. Ndizo ndikufuna."

Galimoto ya polisi inanyamuka. Imogen anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira. Rufus anaima pakati pa bwalo, manja ali lende, osadziwa kuti atsatire mkazi wake kapena atonthoze mwana.