Mayina a M'chipinda Chodyeramo Amonke

Chipinda cholemberamo mayeso payunivesite ija kale chinali chodyeramo amonke. Kaguwa kawo kowerengerapo kanali kadakali m'mwamba pakhoma, makwerero ake atatsekedwa ndi njerwa. Halina Wrzos ankabwera kuno nthawi ya mayeso yokha, kuchokera kumudzi kwa bambo ake, a Zenon. Mtsikana wa tsoka ameneyu anali atalephera kale kawiri, ndipo kulephera kachitatu kunali kutsanzikana nayo sukulu.

Lolemba madzulo, kunja kutada msanga monga mwa nyengo yozizira, anamva munthu akutsokomola pakaguwa paja. Kenako mawu okalamba, apansipansi, anayamba kuwerenga mayina mosathamanga. Anzake onse anali chiweramire, palibe anatukula mutu. Dzina lomaliza analidziwa: Ignacy Sroka, mlonda amene anamutsegulira chipata m'mawa.

Lachiwiri pachipatapo panali kandulo ndi chithunzi cha malemu Ignacy.

"Bożena, pamwamba paja amonke ankawerengapo chiyani?" Halina ananong'oneza mnzake ali m'tchalitchi kudikira belu.

"Amati mayina a akufa a tsikulo, anzawo akudya. Iwe, anzako tikuloweza notsi, iwe ukuloweza mizukwa? Ubwerezanso, ona."

Tsikulo Halina anatseka makutu ndi thonje, koma mawuwo anadutsabe. Anatchula mphunzitsi wina. Lachitatu pakhomo la tchalitchi panapachikidwa nsalu yakuda.

Lachinayi linali la pepala lomaliza. Atangoyankha funso limodzi, kutsokomola kuja kunamveka, mayina n'kuyamba, ndipo pamapeto pake mawuwo anati: "Zenon Wrzos."

Halina anadzambatuka, mpando n'kugwa.

"Mayi Wrzos, mukatuluka pakhomopo simulowanso," anatero woyang'anira mayeso.

Anatuluka. Pakhonde anakhuthulira pansi chikwama chake kufuna foni, n'kuimbira bambo ake.

"Halinka? Wamaliza kale?" Anali bambo ake, amoyo, akutafuna chinachake.

"Bambo, muli kuti? Muli bwino?"

"Ndili kukhitchini, ndikudya buledi. Nanga ukuliranji? Zavutanso?"

Halina anangolira ngati kamwana, chimwemwe ndi manyazi zitasakanikirana.

"Usalire, mwana wanga, mayeso si moyo. Khala pomwepo, ndikubwera pagalimoto kudzakutenga."

"Ayi! Bambo, musanyamuke!"

Anali atadula kale. Anaimbanso, n'kuimbanso, koma a Zenon sagwira foni akamayendetsa. Kunja chipale chofewa chinali chitayamba kugwa, ndipo msewu wochokera kumudzi kwawo ndi wautali, wodutsa m'nkhalango.