Tsiku Limene Apongozi Anabulokedwa

Loweruka masana apongozi analowa m'nyumba osaodira, foni ili m'manja. Anapeza mkazi wa mwana wawo, telala, akupinda siketi pamakina pabalaza. Mwana wawoyo, makaniko, anali pakhomo la kukhitchini akupukuta girisi m'manja.

"Mdzukulu wa aneba wandiuza zonse," anatero apongozi. "Akuti foni yanga ndi yabwinobwino, koma mwachita kundibuloka. Ine? Ndiye pamwamba pa tsamba lanu la mchezo mwalembanso kuti 'Ofunsa za mwana, musayandikire.' Ndine galu ine woti muzinditsekera kunja?"

Telala sanadzutse mutu. Nkhani yake inali yowawa. Miyezi inayi m'mbuyomo, atakhala zaka zisanu opanda mwana, anaima. Chithunzi cha sikani ya mimbayo anangoonetsa mwamuna wake, koma makaniko, pakamwa pake posasunga kanthu, anachitumiza kwa mayi ake. Iwo osafunsa munthu anachiponya patsamba lawo, dzina la telalayo pamwamba, kuti dziko lonse lione. Patangotha milungu itatu, mimba ija inapita padera.

"Akazanga, ingowachotserani bulokoyo," anachonderera makaniko. "Ndi mayi anga awa. Abale atiseka."

"Atiseka?" Telala anaimitsa makina, misozi ili mbwembwembwe. "Inu mumalowa pansi pa galimoto n'kuiwala. Ine foni ikalira, mtima umachita phaa. Amayi, tawerengani izi."

Anatsegula zimene anajambula asanawabuloke n'kuwapatsa. Pansi pa chithunzi chija anthu anali akulembabe. Wina ankafunsa ngati mimba yayamba kuoneka. Wina ankati dzina alisankha kale. Mnzake wa telala wa kusukulu analemba kuti wagula timasokosi toyera.

"Ine ndinkangosangalala," anatero apongozi, mawu atatsika. "Kodi kusangalala ndi mlandu?"

"Munasangalala pagulu, amayi. Kulira ndikulira ndekha. Kawiri konse ndinatuma mwana wanuyu kuti akuuzeni muchichotse."

Apongozi anatembenukira kwa mwana wawo. Makaniko anangoti zyoli, akupotokola kansanza ka girisi kaja.

"Ndinkaopa kuti mukhumudwa," anatero chapansipansi.

Ha, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake! Apongozi anamuyang'ana mpaka iye anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Kenaka apongoziwo anakhala pampando wa makasitomala n'kupereka foni yawo kwa telala ndi manja awiri.

"Fufutani, mayi. Ine ndimangodziwa poponyera, pochotsera sindipadziwa."

Telala anachipeza chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kadontho koyera pakati pa mdima, kenaka anadina. Anabweza foni ija n'kupukuta m'maso ndi nsalu ya kasitomala.

"Nanga buloko ija?" anafunsa apongozi mwamantha.

"Pakhomo pano muzibwera, amayi, ndidzakutsegulirani," anayankha telala akubwezera siketi pansi pa singano. "Koma mufoni muja, ayi. Ndi mokhamo mmene mwatsala moti ndingatseke ndekha."