Kanyerere ndi Thanki ya Abambo

Uyu ndi Kanyerere. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake, poti mtsikanayu sakhala pansi.

Kanyerere akufuna chinthu chimodzi basi. Akufuna abambo abwere.

Abambo amayendetsa lole. Anapita kutali. Asanapite, anadzala naye kamtengo ka lalanje.

"Uzikathirira," anatero abambo. "Ndidzakapeze kali ndi masamba."

Kanyerere ankathirira m'mawa. Ankathirira madzulo. Ankawerenga masamba. Ankawerenganso masiku.

Tsiku lina anatsegula mpope. Mpope unatsokomola. Unalavula timadzi, basi n'kuti zii.

Makina opopa madzi m'chitsime ankalira n'kusiya, kulira n'kusiya.

"Angapse makinawa," anatero amayi. Ndiye anawazimitsa.

Chitsimecho n'chopapatiza. Ndowa silowamo. Madzi opempha kwa aneba anali akumwa okha.

Kamtengo kanayamba kufota. Tsamba limodzi linagwa. Lina linagwanso. Kanyerere mtima unamuwawa.

Analowa m'kachipinda ka thanki yotumiza madzi ku mpope. Munkanunkhira girizi, ngati manja a abambo. Chipewa chawo chinali pamsomali. Kanyerere anawasowa kwambiri.

Anagogoda thanki, monga amachitira abambo. Anagogoda pansi. Phu, phu. Anagogoda pamwamba. Phu, phu.

Iii! Pamwamba sipalira choncho. Pamalira kuti ngwe, ngwe.

Anakumbukira mawu a abambo. "Pansi pamakhala madzi. Pamwamba pamakhala mpweya. Mpweyawo ndi umene umakankha madzi."

Kanyerere anathamanga.

"Amayi, thanki yatha mpweya."

"Wadziwa bwanji, mwanawe?"

"Abambo amaigogoda Loweruka lililonse. Ife sitinagogodepo."

Amayi anagwira pakamwa. "Kodi imene ija inali ntchito? Ine ndinkayesa akuimba ng'oma."

Makina anali ozimitsa kale. Amayi anakhuthula madzi onse a m'thanki. Kanyerere anabweretsa pampu ya njinga. Anabweretsanso geji yoyezera mpweya. Pagejipo abambo anali atajambulapo kale kamzere kofiira.

Amayi analumikiza pampu pamwamba pa thanki. Anapopa, n'kuyeza. Mpweya sunafike pakamzere. Anapopanso, n'kuyezanso.

"Wafika, amayi. Musapitirire."

Amayi anayatsa makina. Kanyerere anatsegula mpope. Madzi anangoti waaa!

Ndowa yoyamba inapita ku kamtengo.

Loweruka linafika. Kanyerere anagogoda thanki. Ngwe, ngwe. Loweruka lina linafika. Ngwe, ngwe. Koma abambo osabwera.

Loweruka lachitatu anagogodanso. Ngwe, ngwe.

Kumbuyo kwake kunamveka mawu. "Akugogoda thanki yanga ndani?"

Kanyerere anatembenuka. Anali abambo, chikwama chili paphewa. Anawalumphira. Anawagwira zolimba, osafuna kuwasiya.

Kenako anawakokera ku kamtengo.

"Masamba awiri anagwa, abambo. Pepani."

Abambo anagwada. Anayang'ana bwinobwino.

"Awiri anagwa, inde," anatero. "Nanga atatu atsopanowa, sunawawerenge?"