Mlendo wa pa Tsamba la Madiresi

Chimene Anasingano anayamba kuchiona chinali kamzere. Kamzere kabuluu pa foni yawo, kamene masana onse kankangogona ngati njoka yakufa, koma pakati pa usiku kankadzutsa mutu n'kuloza m'mwamba.

Anasingano anali telala wa madiresi a ukwati, ndipo dzinali sanalitengere ku ntchito yokha ayi, pakamwa pawo pankabaya kuposa singano za m'makina awo. Shopu yawo inali ya zipinda ziwiri, yopanikizika pakati pa wogulitsa matayala akale ndi mayi wina wa saluni. Kutsogolo kunali makina, galasi lalitali ndi madiresi obwereketsa atapachikidwa m'mapulasitiki. Kumbuyo kunali tebulo lodulirapo nsalu, zidole zovekapo madiresi, ndi khomo lotulukira ku kanjira kotayako zinyalala.

Malonda atayamba kuzizira, mng'ono wawo anawanyengerera. "Achemwali, masiku ano akwatibwi amasankha diresi pa foni. Bambo a kwathu akupangirani webusaiti."

Bambo a kwawowo anali munthu wodzitcha Injiniya, ngakhale chinthu chokha chimene Anasingano anamuonapo atakonza chinali kolala ya malaya ake. Anabwera ndi kompyuta yothyoka pakona, n'kukhala pa tebulo lodulirapo nsalu ngati dokotala woti achita opaleshoni, n'kuyamba kuyesa mapulogalamu omangira webusaiti.

Yoyamba inali yaulere. Unkangokoka chithunzi n'kuchiponya pamene ukufuna, ndipo tsamba linkatseguka msanga ngakhale pa foni yotopa. Koma pamwamba pa diresi lililonse pankabwera malonda a anthu ena, makamaka a mankhwala omeretsa tsitsi.

"Mkwatibwi wanga azikhala pansi pa dazi la munthu?" anatero Anasingano. "Chotsani nyansizo."

Yachiwiri inkafuna kuti munthu azilemba yekha malamulo a kompyuta. Injiniya anatuluka nayo thukuta mpaka malaya kumata kumsana, ndipo chimene chinaoneka pamapeto chinali tsamba loyera mbee, lopanda ndi kadontho komwe.

"Nsalu yoyera ndili nayo kale, alamu. Ina."

Yachitatu inali yolipira mwezi ndi mwezi. Maluwa ankagwa kuchokera pamwamba, kanyimbo kakulira chapansipansi. Kuti itseguke, munthu ankatha kulowetsa ulusi pa singano n'kupinda mpendero wonse wa siketi, koma inkaoneka ya anthu olemera, ndipo Anasingano anasankha imeneyo.

Kenako panabwera za kuwerenga alendo. Injiniya anaika kauntala pansi pa tsamba, n'kumanyadira manambala akamakwera. Anasingano anatsegula tsambalo pa foni yawo, n'kutseka, n'kutsegulanso, n'kutsekanso. Nambala inkakwera ulendo uliwonse.

"Ndiye kuti ineyo ndine khamu la anthu? Musandipusitse ngati mwana. Ndikufuna chondiuza zoona."

Apo m'pamene Injiniya anawaikira pulogalamu ina pa foni, yosonyeza nthawi imene mlendo wabwera, tsamba limene watsegula, nthawi imene wakhalapo, ndi kumene walowera. Zoona zake zinali zowawa: masana kunalibe munthu. Koma kumapeto kwa sabata iliyonse, anthu onse atagona, kamzere kaja kankadzuka. Mlendo anali mmodzi, ndipo ankakhalitsa pa chithunzi cha diresi limodzi.

Diresi limenelo linali ndi mbiri. Anasingano analisokera mtsikana wina wowonda, wofatsa, wogwira ntchito ku famase yogulitsa mankhwala, amene anadwala mwadzidzidzi n'kumwalira ukwati utatsala pang'ono. Abale ake sanabwere kudzalitenga. Linkakhala pa chidole chakumbuyo, litafunditsidwa chinsalu, ndipo Anasingano sankalibwereketsa. Injiniya analijambula osapempha.

Atamufunsa za mlendo wausiku uja, Injiniya anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu.

"Alamu, mlendo ameneyu sakuchokera kutali. Taonani apa. Akulowera pa intaneti ya m'shopu muno."

"Muno? Usiku?"

"Muno. Ine ndikanakhala inu, dzuwa likangolowa sindikanapondamo. Mwiniwake wa chinthu saiwala chinthu chake."

Anasingano anaseka mpaka kutsokomola. "Mizukwa yamasiku ano yayamba kugula data? Pitani mukawopseze ana anu."

Ankadziwa kuti Injiniya ali ndi kiyi wa khomo lakumbuyo, chifukwa Loweruka lililonse iwo ankapita kutali kukagula nsalu n'kumusiyira shopu kuti azikonza tsambalo. Koma kumuganizira iyeyo sanayese n'komwe. Munthu wothawa mphemvu, wogona nyali ikuyaka, angayende usiku? Ulesi wakewo wokha unali mboni yake.

Lolemba lotsatira, atatsegula chipinda chakumbuyo, fungo linawalandira. Linali fungo la perefyumu wotsika mtengo, losakanikirana ndi thukuta. Chidole chija chinali chitatembenukira kukhoma. Atavundukula chinsalu, anapeza mpendero wa diresi uli ndi fumbi lofiirira, ngati la chinthu chimene chakhala chikukhwekhwerezedwa pansi. Pa velo panali kachizindikiro ka milomo.

Kenako anachapa mpenderowo mwakachetechete, osauza munthu.

Koma nkhani ya mumdadada wa mashopu ili ngati utsi. Pofika pakati pa sabata mayi wa saluni anali atauza aliyense wokhala pansi pa chowumitsira tsitsi kuti kwa telala makina amalira okha usiku. Wa matayala, munthu amene maso ake ankayamba kuona bwino akalawa mowa, analumbira kuti anaona chinthu choyera chikudutsa m'kanjira ka zinyalala, chosaoneka mapazi. Ena anati Anasingano anasokerera tsitsi la malemu m'diresimo kuti akhwimire malonda. Ena anati mtsikanayo anafa diresilo atangoliyesa.

"Anthu opanda zochita," anatero Anasingano, akuluma ulusi. "Akanakhala kuti amapota tsitsi ngati mmene amapotera mabodza, bwenzi atalemera."

Komabe akwatibwi awiri amene anali atasungitsa madiresi anatumiza mauthenga oti asintha maganizo. Wina anachita kuwoloka msewu kuti asadutse pakhomo pa shopu. Lolemba lina fumbi lija linapezeka pa madiresi enanso, ndipo lina linali litang'ambika m'khwapa. Usiku Anasingano ankadzidzimuka, n'kutenga foni pansi pa pilo, n'kupeza kamzere kaja kataima njo. Ankaitukwana foniyo, n'kuivundikira, koma tulo tosabweranso.

Loweruka lotsatira anatsanzika monga mwa masiku onse, chikwama m'manja, koma sanakwere basi. Anakabisala kwa mnzawo wina mpaka kunja kutada, mashopu onse atatseka. Kenako analowera khomo lakutsogolo osayatsa magetsi.

Mdima wa m'shopumo sunali umene ankaudziwa. Madiresi opachikidwa aja ankaoneka ngati anthu oima pamzere, mitu yawo itadulidwa. Mapulasitiki ankachita phokoso lochepa, tswa tswa, ngakhale munalibe mphepo. Anapapasa khoma mpaka kuchipinda chakumbuyo, n'kufika pa chidole chija, n'kulowetsa dzanja pansi pa chinsalu. Dzanja linakhudza pulasitiki yozizira. Diresi panalibe.

Anabwerera kutsogolo chafutambuyo, n'kukhala pansi kuseri kwa madiresi, sizasi yaikulu ili m'manja, chitseko chapakati atachisiya chotsegula pang'ono.

Nthawi inayenda mwaulesi. Firiji ya ku saluni inkang'ung'udza kuseri kwa khoma, n'kusiya, n'kuyambanso. Galu anauwa kutali, wina n'kumuyankha. Padenga china chake chinathamanga n'kuima, ngati chikumvetsera. Anasingano anaphimba foni ndi mpendero wa diresi n'kuyang'ana. Pamalo osonyeza amene ali pa tsamba nthawi yomweyo panalembedwa kuti palibe. Akuyang'ana chomwecho, panasintha. Mmodzi. Ndipo ankalowera pa intaneti ya m'shopu momwemo.

Kukhomo lakumbuyo kunamveka kukhwekhwereza, kenako kiyi akuzungulira pang'onopang'ono. Chitseko chinalira. Mthunzi unalowa, uli ndi kakuwala m'manja, n'kukhala pa tebulo lodulirapo nsalu, msana utaloza kwa iwo. Unkangodikira.

Kenako m'kanjira muja munayamba kumveka phokoso lina. Linali la nsalu yolemera ikukokedwa pansi, fwaa, n'kuima, fwaa, n'kuima, likuyandikira. Panamveka kugogoda kofewa. Mthunzi uja unanyamuka n'kutsegula.

Pakhomopo panaima diresi la malemu. Linali loyera mbuu mumdimamo, velo itaphimba nkhope, manja atalendewera. Anasingano anazindikira lesi ya pakhosi imene anasoka ndi manja awo. Sizasi inawaterereka m'zala.

Diresilo linalowa, n'kuusa moyo.

"Mayo ine, nsapatozi zandipha," linatero. "Azakhali, bwerani ndi zovala zanga ndivule chinthuchi."

Anasingano anaimirira, n'kukankha chitseko chapakati, n'kuyatsa magetsi.

Mkwatibwi anakuwa. Azakhali ake, mayi wonenepa amene anali pambuyo, anagwetsa chikwama. Injiniya anayesa kulowa pansi pa tebulo, n'kugunda mutu, foni yake n'kugwera pansi chithunzi cha diresi chili poyera.

"Tulukani, alamu," anatero Anasingano. "Tulukani, a mzukwa. Ndikuoneni nkhope."

Azakhali aja ndi amene anamasula zonse, ali ndi ukali wa munthu woti walipira. Diresi analipeza pa webusaiti, anatero, ndipo anauzidwa kuti kuyesa n'kwa usiku, kubweza n'kwa usiku, chifukwa masana bwana amatanganidwa. N'chifukwa chake anachoka ku holo n'kubwera kuno mwana asanavule n'komwe. Anatulutsa foni n'kuonetsa.

Tsambalo linatseguka nthawi yomweyo. Linali lomangidwa ndi pulogalamu yaulere ija. Madiresi onse a Anasingano anali pamenepo, mitengo yake italembedwa poyera, nambala ya foni ili ya Injiniya. Anasingano anamulanda foni mlamu wawoyo n'kumuuza kuti atsegule za alendo a tsamba lakelo. Kamzere kake sikankagona, usana ndi usiku kankangokwera ngati makwerero.

"Ndiye usiku mumatsegula tsamba langa kuti muzikopera zithunzi ndi miyezo?"

"Ndimafuna ndikuuzeni, alamu, kungoti..."

"Kungoti munaona kuti kundiopseza ndi mwana wa eni ake amene ali m'manda n'kosavuta. Ntchito imodzi yokha imene mwaigwira bwino moyo wanu wonse, ndipo ndi yakuba." Anatambasula dzanja. "Kiyi. Ndi pasiwedi ya tsambali. Kuyambira lero ndi langa. Mng'ono wanga ndikamuuza ndekha kuti anakwatiwa ndi khoswe."

Injiniya anapereka zonse, akusisita chotupa pamphumi.

Mkwatibwi anali atavula velo, n'kukhala pa mpando, akupukusa zala za kumapazi. Anali mtsikana wa nkhope yosangalala, ndipo za malemuzo sanazimvetse bwino.

"Pepani mayi, ife sitimadziwa," anatero. "Koma wantchito wanu uja musamukalipire. Anandithandiza bwino kwambiri dzulo."

"Wantchito uti?"

"Mtsikana wowonda uja. Bambowa atatuluka kuti ndiyese diresi, iye anabwera kuchokera kuseri kwa zidoleko n'kundimanga zingwe zakumsana. Manja ake ozizira ngati madzi. Anandiuza kuti ndilisamale, poti iye sanalivale nthawi yaitali."

Anasingano anatembenukira kwa Injiniya, akuyembekeza kuona kamseko kabodza lina. Sanakaone. Milomo ya mlamu wawoyo inali itatuwa ngati phulusa.

"Azakhali anu anamuona?" anafunsa Anasingano.

"Ine ndinali m'galimoto," anatero azakhaliwo.

"Ndinabwera ndekha, alamu," Injiniya ananong'ona. "Ndikulumbira. Ndinakiya ndekha, munalibe munthu."

Palibe amene anayang'ana kumene kunali zidole. Firiji ya ku saluni inasiya kung'ung'udza.

"Vula msanga, mwanawe," anatero Anasingano chapansipansi. "Uvulire kutsogoloku."

Diresi litavulidwa, palibe anafuna kulibwezera pa chidole. Analisiya pa mpando, magetsi onse akuyaka, ndipo anatuluka onse anayi pa khomo lakutsogolo, akukankhana mapewa. Injiniya anawagwira Anasingano pamkono ngati mwana, ndipo iwo, amene sanasowepo mawu omunyozera, sanamuchotse dzanja mpaka atafika pamsewu waukulu.