Phiri la Agogo Jumanne

Amisa ankakhala ku Matero, mu Lusaka.
Ankakonda kujambula.
Analibe burashi. Analibe penti.
Ankajambula ndi makala.

Koma Amisa anali ndi nkhawa.
Agogo ake sankasangalala.

Agogo Jumanne anali telala.
Anachokera ku Nyasaland kalekale.
Tsopano maso awo sankaonanso.
Ankangokhala pakhonde, phee.

"Ba Agogo, muganiza chani?" anafunsa Amisa.

"Ndikuganiza phiri la kwathu," anatero agogo. "Kuno kulibe phiri. Ndalisowa phiri langa."

"Lioneka bwanji?"

"Ndi lalitali, mdzukulu wanga. Lili ndi miyala. Lili ndi udzu. Pamwamba pake pamagona mitambo."

Amisa anatola katoni.
Anajambula phiri ndi makala.
Anathamanga nayo kukhonde.

"Ba Agogo, phiri lanu ili!"

Agogo anagwira katoni.
Anasisita. Anasisitanso.

"Lili pati?" anafunsa. "Ponseponse ndi posalala."

Amisa anafuna kulira.
Anayang'ana zala za agogo.
Zala zinkayenda. Zala zinkafunafuna.

Amisa anathamangira mkulu wake, Kulthum.

"Ba Kulthum! Ba Agogo baona na manja! Nithandizeni!"

Kulthum anaphika phala lomatira.
Amisa anakumba dothi lofiira.
Anatola timiyala. Anazula udzu.
Anapempha thonje kwa amayi.

Anamata dothi pa katoni. Phiri linakwera.
Anamata timiyala. Anamata udzu.
Pamwamba anamata thonje.
Kumwamba anapaka buluu wochapira, ndi chala.

"Ku sukulu sibajambula chonchi," anatero Kulthum.

"Iyi ni pikicha ya manja," anayankha Amisa.

Anaiyanika padzuwa.
Amisa anadikira. Anadikira.
Pikicha inauma.

Anaiika pamiyendo pa agogo.
Agogo anasisita.
Zala zinapeza udzu.
Zala zinapeza miyala.
Zala zinakwera, zinakwera.
Zinafika pa thonje. Zinaima.

"Mitambo," ananong'ona agogo.

Misozi ya agogo inatsika.

"Talakwitsa, ba Agogo?" anafunsa Amisa.

"Iyayi. Ndi phiri langa ndithu. Koma lilibe njira. Ndipatse dothi."

Amisa anabweretsa dothi lonyowa.
Agogo anaviika chala.
Anajambula njira yokhotakhota.
Njira inazungulira mwala.
Njira inadutsa mu udzu.
Pamapeto anaika kadontho.

"Apa ndi pakhomo pa mayi anga," anatero.

Agogo anaseka.
Amayi anatuluka m'nyumba kudzaona.
Kulthum anakhala pafupi.

Agogo anagwira chala cha Amisa.
Anachiika pansi pa phiri.

"Tiye kwathu, Amisa," anatero. "Uyende bwino. Pali miyala."

Ndipo zala ziwiri zinayamba kukwera.