Woima Pambali pa Sebastião

Dzuwa linali litapendeka pamene Sebastião anakhala pa njerwa kuseri kwa kachipinda kake ka lendi ku Matundo, n'kuyamba kufikisa yunifomu m'beseni. Madzi anada nthawi yomweyo. Fumbi la malasha a ku Moatize silimva sopo: uchape lero, mawa ulipeza likukudikira pa kolala. Mwamunayu anali wa ku Angónia, wozolowera kamphepo ka kumapiri, ndipo kutentha kwa Tete kunkamuumitsa ngati chikopa. Kwawo anasiya mkazi wake Isaura ali ndi pakati. Mwana anabadwa iye kulibe, anamutcha Lara, ndipo bambo ake ankangomudziwira kulira kwa pafoni.

Isaura sanali mkazi wovuta. Chimodzi chokha ndiye sankatopa kupempha.

"Mukajambulitse, bambo a Lara," ankatero pafoni. "Koma osati nokha. Muime ndi anthu amene mumakhala nawo, ndiwadziwe."

Anthu ake ati? M'tauni monsemo, modzaza alendo obwerera malasha, Sebastião anali ndi mnzake mmodzi basi, Gerson wa ku Beira, amene ankagawana naye mkate pa ntchito n'kumamuseka kalankhulidwe. Lamulungu lina anatengana, atavala mayunifomu awo, kupita kwa Vasco, wojambula zithunzi amene ankakhala pansi pa mtengo wa masawu pafupi ndi msika.

Vasco anadina, n'kuyang'ana kagalasi ka kuseri kwa kamera, n'kutsonya. Pachifuwa pa Sebastião panali mbuu, ngati wina wathirapo ufa. Kuyerako kunasefukira kumbali n'kudya nkhope yonse ya Gerson.

"Makina anu afa?" anafunsa Sebastião.

"Sanafe, mano," anayankha Vasco, pakuti ku Tete mnzako wamwamuna ndi mano, wamkazi ndi mana. "Mkatimu muli timakapu tambirimbiri tosaoneka ndi maso, kalikonse kamatunga kuwala kwake. Kakadzaza kwambiri kamatayikira mwa kanzake, kanzakeko mwa kena, basi foto yapsa. Ndi timizere tonyezimira ta pa yunifomuti. Tsiku lina mubwere mutavala bzina, osati yunifomu."

Gerson anaseka mpaka misozi. Sebastião anapereka chithunzicho kwa dalaivala wopita kwawo ku Ulongwe, choperewera chomwecho.

Sabata isanathe, masana dzuwa lili paliwombo, Gerson anakhala pamthunzi wa galimoto kuti adye. Amene analipo amati nyenje zonse zinangoti zii, ndipo kunadutsa fungo la nthenga zowauka pamene panalibe moto. Gerson anagwetsa mkate.

"Sindikuona," anatero. "Kwayera konse."

Anafa asanafike naye kuchipatala. Maso ake anali oyera ngati a nsomba yowotcha. Anthu anati ndi kutentha, pakuti ku Tete dzuwa limasenza milandu yambiri imene si yake.

Sebastião anabwerera ku chipinda chake ndi ku beseni lake. Kali kokha n'kanyama, ndipo iye anasandukadi kanyama: kupita ku ntchito, kubwera, kudya ataimirira. Amene anamumvera chisoni ndi Nilza, mayi wamasiye wa khomo loyandikana, wogulitsa mahewu. Anayamba kumusiyira mbale ya ndiwo pawindo. Panalibe za chibwenzi, tisanamizirepo akufa. Kungoti munthu ukasowa wokufunsa kuti waswera bwanji, amene wakufunsayo amalowa mumtima osagogoda.

Isaura atapemphanso chithunzi, Sebastião anapita ndi Nilza. Ulendo uno anavala malaya akuda, opanda chonyezimira chilichonse. Vasco anawaimika pamthunzi weniweni, nachepetsa kuwala kwa kamera mpaka mtengo unaoneka ngati madzulo. Anadina. Anayang'ana kagalasi kaja.

"Yapsanso?" anafunsa Nilza.

"Ndijambulenso, mana."

Anajambulanso, anawasinthitsa malo, anajambulanso. Paliponse kuyera kunkatuluka pachifuwa pa Sebastião n'kutsata kumene kuli Nilza.

"Apa palibe dzuwa," Vasco ananong'ona. "Chikudzaza makina angawa n'chiyani?"

Nilza anagwa pa msika masana a Lachinayi, chikho cha mahewu chili m'manja. Amayi ogulitsa naye anamva nyenje zikusiya kulira, anamva fungo lija, kenako anamumva akufunsa kuti ndani wamuphimba nsalu yoyera kumaso.

Vasco analibe chifuwa. Pamaliro pomwepo anaonetsa anthu zithunzi zija, ndipo pofika madzulo Matundo yense anali atamva. Ena ankati Sebastião akudyetsa anzake ku mgodi kuti ntchito isamuthere. Ena ankati amawasandutsa ndondocha zomukumbira malasha. Kumupha sanamuphe, ankaopa kumukhudza. Anangomusiya. Amayi ankakokera ana m'nyumba iye akamadutsa. Wogulitsa mkate ankamuikira pa mwala n'kubwerera m'mbuyo. M'shapa, timabasi tathu tija todzaza mpaka munthu kupumira m'khosi mwa mnzake, mpando wa pambali pake unkapita wopanda munthu mpaka ku Moatize.

Chomvetsa chisoni n'chakuti iye mwini anayamba kukhulupirira. Amati ufiti ena amadyetsedwa osadziwa. Ankadzinunkhiza m'manja, ankadziyang'ana pachifuwa, osapezapo kanthu koma thukuta. Anasiya kupereka moni, poopa kuti wina angamuyankhe bwino.

Ndiye Isaura anaimba.

"Tikubwera Loweruka, ine ndi mwana."

"Musabwere, mayi a Lara! Chonde. Amene amandiyandikira akufa."

"Ndamva kale. Mukatichingamire pa msika."

"Ndikukupemphani m'dzina la Mulungu!"

Foni inaduka. Anaimbanso, anaimbanso, osayankhidwa. Anaganiza zothawa, koma akanathawa, mkazi ndi mwana akanasowa kolowera m'tauni ya eni. Anatsimikiza kuti akawaonera patali n'kuwabweza ndi shapa yomweyo.

Loweruka masana shapa inaima pafupi ndi mtengo wa masawu. Anatsika Isaura, wonenepa bwino, chitenje chatsopano, mwana kumsana. Anamasula mwanayo n'kumukhazika pa katundu. Sebastião anaima kutsidya kwa msewu, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi.

"Imani pomwepo!" anakuwa. "Musafike kuno!"

Isaura anawoloka msewu osafulumira. Anthu a pamsika anasiya malonda. Anafika, namugwira mwamuna wake pamkono, natembenukira kwa Vasco, amene anali atayandikira ndi kamera yake.

"Inu ndinu wojambula uja? Tijambuleni."

"Mayi, ine ayi."

"Jambulani."

Vasco anadina. Pa kagalasi, kuyera kunatuluka pachifuwa pa Sebastião monga kale, koma pofika pa Isaura kunapatuka, ngati madzi akapeza mwala. Nkhope yake inaoneka yonse, ikumwetulira.

"Mwaona?" Isaura analankhula motsitsa, kuti amve mwamuna wake yekha. "Ine sizindigwira. Mphini zija ndinakutemani pamsana pochoka, ndimati n'zokutetezani ku ngozi za mumgodi. Amuna onse a kwathu amene anabwera kuno anakwatira kuno, bambo a Lara. Ine ndinalibe mtima wodikira munthu amene sabwera. Ndinauza sing'anga kuti aliyense woima pafupi nanu, mtima wanu n'kumutsegukira, achoke. Kupatula ine."

Sebastião anatembenukira kwa mkazi wake.

"Gerson anali mwamuna," anatero. "Ankangondigawira mkate."

"Mankhwala sadziwa zimenezo. Ndinati aliyense."

"Nanga mwana?"

"Mwana anali m'mimba mwanga nthawi imeneyo. Ndi thupi lang..."

Sanamalize. Onse awiri anayang'ana pansi. Lara anali atatsika pa katundu paja, atawoloka msewu ndi timiyendo take todzandira, ndipo tsopano anagwira thalauza la munthu amene amayi ake amugwira. Anakweza nkhope. Anali ndi mphumi ya bambo ake, ndi kampata ka pamano ka agogo ake akuchimuna.

Sebastião anayesetsa, Mulungu ndi mboni. Anatseka maso, anaganiza za malasha, za fumbi, za chilichonse chouma. Koma munthu amene wakhala nthawi yonseyi wopanda womukhudza, mwana wake n'kumukumbatira mwendo, mtima angautseke ndi chiyani?

Nyenje za mu mtengo wa masawu zinangoti zii. Isaura anakuwa, nakwatula mwanayo n'kuthamanga naye pakati pa msewu, akuitana dzina la sing'anga amene anali kutali kumapiri. Lara sanalire. Ankangotikita m'maso ndi tizibakera take.

"Mama," anatero, "kwayera."