Wophika wa mu Orvane

Bwerani pafupi ana inu, zimitsani wailesiyo. Ndikulira mlongo wanga Odessa, amene tinamuika dzana kuseri kwa tchalitchi. Inu mumangomudziwa ngati gogo wosaseka. Ayi, Odessa ankaseka!

Nthawi ya nkhondo ankawotcherera zitsulo padoko la sitima zapamadzi kuno ku Mobile. Tsiku lina kunabwera sitima ya asilikali yonyamula katundu kuti idzakonzedwe, yotuwa ngati phulusa, dzina lake Orvane. Wophika wa m'menemo, Lemuel, anapeza Odessa akuvula chotchinga kumaso.

"Ine ndimayesa mwamuna! Kani ndi mngelo wogwira moto m'manja?"

"Bwerera kumapoto ako iwe, nyemba zikupserera," anatero Odessa. Koma anaseka.

Mawa lake mnyamatayo anabwera ndi chikondamoyo chotentha atachibisa m'chipewa. Basitu, chikondi chinayambira pomwepo. Tsiku lonyamuka anamugwira manja onse awiri.

"Uchi wanga, sitimayi ikadzangoponya nangula ku Mobile, woyamba kutsika ndine. Molunjika kwa abusa, ndisanasambe n'komwe!"

"Ukasambe kaye, ukununkha anyezi."

Sitima inapita kunyanja ya Pasifiki, kukatula zipolopolo, ufa ndi magalimoto pazilumba pamene mabomba ankagwa. Nkhondo inatha. Anyamata a eni anabwerera, Lemuel zii. Odessa anakafunsa kwa mlonda wa padoko.

"Orvane? Dzinalo analifufuta, mayi. Kulibenso sitima yotero."

Mukanakhala inu mukanamva chiyani? Tonse tinati inamira. Odessa anavala zakuda. Wometa wina, munthu wabwino, anamufunsira kawiri. "Ndine wamasiye," ankatero, chonsecho mphete sanaivalepo.

Zaka zinapita. Ine ndinkatsitsa nthochi padoko lomwelo. Inalipo sitima yoyera, Santa Ilda, imene inkabwerabwera nazo kuchokera kumwera. M'mawa wina dzuwa linawomba cham'mbali kumbuyo kwake, ndipo pansi pa penti ndinaona zilembo zakale zitatumphuka. Sukulu sindinapite patali, koma zilembo zimenezo Odessa anazisokera papilo. Orvane!

"Boma linaigulitsa nkhondo itatha," anandiuza mmodzi wa m'sitimamo. "Anangosintha penti ndi dzina. Wophika ndi yemwe uja, samatsika kuno. Amati Mobile imamudwalitsa."

Ndinataya mkoko wa nthochi n'kuthamangira kunyumba. Odessa anabwera ndi diresi lake lakuda, nakwera osapempha munthu. Ine pambuyo.

Lemuel tinamupeza kukhitchini, atanenepa, mphete ili pachala. Chipande chinamugwa.

"Dessa... uchi wanga."

"Usanditchule choncho. Wabwera kangati kuno?"

"Sindiwerenga."

"Ine ndinakulira maliro, Lemuel! Abusa anakupempherera!"

"Ndili ndi mkazi ku Honduras, ndi ana atatu. Ndinkachita manyazi. Denga la kwanu limaoneka pawindo ili, ndimaliyang'ana ulendo uliwonse."

"Ndiye ndikuthokoze?"

Lemuel anangowerama. Odessa anasuzumira pawindo lija, naona dengalo, ndi zovala zake zili pachingwe. Sanalire. Anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, tiyeni. Uja ndinkamudikira anamiradi."

Zakuda anavula tsiku lomwelo, koma wometa uja anali atakwatira kale. Santa Ilda inapitiriza kubwera mpaka inakalamba, anakaigulitsa kwa odula zitsulo. Ikaliza lipenga lake polowa, Odessa ankatseka mawindo, ngakhale kutenthe bwanji.

Mwana sanasiye, mlongo wanga. Amene angatchule dzina lake ndinu basi, poti ine masiku anga atha. Mukamadutsa kuseri kwa tchalitchi muziima pang'ono, muzizula udzu. Ana anu akadzafunsa kuti wagona apa ndani, musadzati gogo wosaseka. Mudzati Odessa, anadikira ndi mtima wonse. Chonde, musamuiwale.